Ma knots kapena mph potera, zandisokoneza

kambalame:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndikuphunzira kuyendetsa ndege kuno ku Joni, ndinazolowera Cessna 172 ya geji ya liwiro ya ma knots ndipo potera ndimagwira 65. Dzulo anandipatsa 172 yakalekale, ine osayang'ana bwino ndangogwira 65 yomweyo pa final (gawo lomaliza potsika kulunjika pa runway), ndege ikumveka ngati ikumira, mpaka aphunzitsi kukuwa kuti onjezera pawa msanga. Titatera ndi pomwe ndinaona kuti manambala akuluakulu pagejipo ndi a mph (mamailosi pa ola). Mtima sunakhazikikebe. Kodi kusiyanaku ndi kwakukulu choncho? Nanga liwiro loyenera mumalipeza bwanji?

wa_ku_Chileka:
Achimwene ndi kwakukulu ndithu. Knot imodzi ndi 1.15 mph, ndiye 65 mph yanuyo inali ngati 56 knots basi, mwadya ma knots 9 osadziwa, kukanabwera kamphepo kobwanyula bwenzi hutala ya stall ikulira, yochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kulephera kunyamula ndege. Kuti mufanane ndi 65 knots mumayenera kukhala cha pa 75 mph. Cessna anayamba kulemba ma knots m'mabuku awo mu 1976, zakale zambiri ndi mph, ndipo zina geji ili ndi mizere iwiri, wina kunja wina mkati, apa ndiye pamene anthu amagwera. Ine ndisanalize injini ndimaloza geji ndi chala n'kunena mokweza kuti iyi ndi mph, kenako ndimaona ngati checklist ikugwirizana nayo. Zowerengetsa masamu uli pa final ayi, mutu umakhala utadzaza kale.

mayi_pilot:
Poyambira ndi 1.3 kuchulukitsa ndi Vso, liwiro la stall ma flaps (zigawo zotsitsika za kumbuyo kwa mapiko) onse ali pansi, koma nambala yeniyeni tengani mu POH (buku la malangizo oyendetsera) ya ndege imeneyoyo osati ya inzake. Mphepo ikamawomba modukizadukiza onjezerani theka la kusiyanako, ngati ndi 10 kufika 20 knots onjezerani 5 basi. Ndipo chonde mantha a dzulowa asakupangitseni kumabwera mothamanga, ndaonapo ambiri akuwonjezera 10 ya mantha, ina 5 ya mphepo, ndege kumangoyandama runway n'kumatha.

wa_ku_Chileka:
Zoona mayi. Komanso mukadzabwera kumudzi, ku Kamuzu International ndi pamwamba, mafiti opitirira 4,000, mu Okutobala kukatentha pansi pamaoneka ngati pakuthamanga kwambiri. Osachepetsa liwiro chifukwa cha maso, nambala ya pageji ikhale yomweyo.

kambalame:
Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba manambala a mph pakapepala, Loweruka ndikwera yakale yomweyo.