Maiwe a chambo m'dambo la ku Ulongué: tikumbe pati?

Mlimi wa ku Ulongué: Akuluakulu, dambo la kumunsi kwa nyumba zathu likuphwa msanga masiku ano, Okutobala asanafike. Kumtunda kwake akuumbako njerwa, ena akumanga. Gulu lathu likufuna maiwe awiri a chambo. Tikumbe pakati pomwe pali madzi ambiri kapena m'mphepete? Nanga madzi otsika m'tauni sangatiphere nsomba?

Wa ku Furancungo: Pakati ayi, achimwene. Madzi a Januwale ndi Febuluwale amadutsa pomwepo, khoma likangogumuka nsomba zonse zapita. Kumbani m'mphepete, potsetsereka pang'ono, madzi muwapatutse ndi kangalande kotsekeka. Dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, lakuya masentimita 80 kolowera madzi ndi mita 1.2 kotulukira, limakwana tiana ta nsomba 400 mpaka 600. Yambani mwayesa dothi: umbani lonyowa ngati mpira, muliponye m'mwamba n'kuliwakha. Likanyenyeka ndiye kuti ndi lamchenga, silisunga madzi. Kukamwa kwa paipi yolowetsa madzi mangani neti, chifukwa milamba ikalowa imadya tiana.

Mayi wa ku Dómuè: Vuto lalikulu lili kumtunda, bambo. Bango ndi udzu wa m'dambo ndizo zimachedwetsa madzi kuti alowe pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Zimagwiranso matope ndi zonyansa za m'tauni zisanafike m'dziwe. Maenje a njerwa, moto wa chaka ndi chaka, ngalande zakuya za m'madimba ndi bulugamu wodzalidwa pa kasupe, zonsezi zikuumitsa dambo. Chonde siyani bango pakati pa nyumba ndi dziwe, musalitche ngakhale likuoneka ngati tchire lachabe. Zimbudzi zikhale kutali, mamita osachepera 30.

Choopsa kuposa sopo wa ochapa ndi mankhwala opopera tomato ndi kachewere. Mankhwala otchedwa cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala ochepa kwambiri, ndiye gwirizanani ndi eni madimba kuti asamatsukire mipope yawo mumngalande. Mukaona nsomba zikuyasama pamwamba m'bandakucha, mpweya wachepa: lekani kuthira manyowa ndi gaga m'dziwe, lowetsani madzi atsopano. Madzi abwino ndi obiriwira moti mukaviika mkono, chikhatho chimazimirira madzi akafika pachigongono.

Wa ku Tsangano: Za malamulo musazinyalanyaze. Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo lamulo la nthaka la 1997 limateteza mamita 100 ozungulira kasupe. Pitani kaye kwa amfumu ndi ku SDAE (ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma), mufunsenso za DUAT (chilolezo chogwiritsa ntchito malo) ya gulu, kuopa kuti mawa wina adzayika maziko a nyumba pangalande panu. China, dera la Angónia, komwe kuli Ulongué, si mzinda wa Tete wotentha uja. Mu Juni ndi Julayi madzi amazizira, chambo chimadya pang'ono ndipo sichikula. Ikani tiana mu Seputembala, mukolole cha mu Epulo.