Ufulu wokhala ndi katundu ukulola munthu kuzunza abulu ake?

Moni nonse abale, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Dedza mnansi wanga amakwapula abulu ake okoka ngolo mpaka zilonda, kudya nkwapatalipatali. Ndinawalankhula mwaulemu, anandiyankha kuti ndi chuma chawo, ndisalowerere ufulu wawo. Ndinakafika kwa amfumu, nkhani inangothera m'malere.

Ndawerenga Mutu 4 wa Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Gawo 28 likutetezadi katundu wa munthu, koma mutu wonsewo ukukamba za anthu okha, bulu mulibemo. Komabe gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe ndi lamulo, ndipo lamulo loteteza nyama la Protection of Animals Act lilipo.

Ndiye anzanga odziwa zamalamulo, champhamvu pamenepa ndi chiti? Ndikadandaule kupolisi kapena kwa alangizi a ziweto?