Kumasulira Sorry to Bother You m'Chichewa: mawu a mzungu aja tiwatani?

Wavidiyo_Nchalo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kumasulira Sorry to Bother You, filimu ya Boots Riley ya 2018, kuti anthu azionera mu vidiyo sho kuno ku Nchalo. Pavuta ndi apa: Cassius Green, mnyamata wakuda wa ku Oakland wogulitsa malonda pafoni, zimayamba kumuyendera akamayankhula ndi mawu a mzungu. Ndikaika mawu anga pamwamba, wakuda ndi mzungu yemwe akumveka ngati ine. Ndiye anthu aseka chiyani?

MakinaNgabu

Achimwene, yambani mwamvetsa mmene anaipangira. Amene mukumuona ndi Lakeith Stanfield, koma mawu a mzunguwo si ake. Ndi a David Cross, anachita kuwaika pamilomo yake, ndipo anawasiya dala kuti azimveka osakhala bwino. Nthabwala ili m'khutu, choncho pamalo amenewo musayankhule pamwamba.

Mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, ikani mawu a filimu pamzere wapamwamba, anu pamzere wapansi pake, kenako Auto Duck pa -12 dB kuti filimu izitsika yokha mukamayankhula. Koma Cassius akatsegula pakamwa ndi mawu a Cross, musiyeni amalize chiganizo choyamba anthu amve kusinthako, inu mubwere pambuyo. Ambiri amalakwa potsitsa filimu yonse mpaka -30 dB kuti mawu awo amveke. Pamenepo mwapha filimu.

Jambulani m'bandakucha. Kutentha kwathu kuno masana mumayatsa fani, ndipo maiki amatola phokoso lake lonse. Mukazimitsa fani, laputopu imatentha n'kuyamba kudula mawu. Nyumba ya malata imabweza mawu, kolekani bulangete kukhoma lomwe mwayang'ana, maiki akhale chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa.

Mayi_a_Tadala

Za makina anena bwino a ku Ngabu, koma funso lenileni sanaliyankhe: Chichewa chake chimveke bwanji? Musatsine mphuno n'kumayankhula ngati mzungu wa mishoni amene akuphunzira Chichewa. Anthu aseka, inde, koma aseka zina. Mvetserani pamene Langston, mkulu uja amene akusewera ndi Danny Glover, akulangiza Cassius. Akumuuza kuti nkhani si mphuno ayi, koma kumveka ngati munthu wopanda nkhawa, wopanda ngongole, amene ndalama ya kasitomalayo sakuifuna n'komwe.

Ndiye Cassius akamayankhula ndi amalume ake, amene akumulonjerera lendi ya galaja yomwe amagonamo, mupatseni mawu athu a tsiku ndi tsiku, olemera, otopa, ngakhale kaChisena kakalowamo palibe vuto. Akagwira foni ya RegalView, kampani yomwe amagwirako ntchito, apepuke, aziyankhula modekha ngati bwana woti wadya kale ndipo galimoto ikumudikira panja: "Ayi bambo, musadzivute, ife tangokukumbukirani." Mawu amenewo munthu aliyense amene anaimapo pamzere wa malipiro amawadziwa.

Dzina lakenso musalilumphe. Cassius Green likamatchulidwa msanga limamveka ngati kunena kuti ndalama ndi yobiriwira, poti dola ndi yobiriwira. Nenani kamodzi koyambirira, basi.

Gogo_Chiromo

Ine nkhawa yanga ili pa WorryFree. Mukangoti "kampani yaikulu", mwataya theka la filimu. Kampaniyi imasainitsa anthu kontrakiti ya moyo wonse: malipiro palibe, imangokupatsa chakudya ndi pogona, mabedi osanjikizana m'fakitale momwemo, uku pa TV ikulengeza kuti nkhawa zako zatha. Mawu ake tili nawo kale. Ndi thangata, ija yogwira ntchito pa esiteti m'malo mwa lendi ya malo, yomwe inali pakati pa madandaulo a John Chilembwe mu 1915. Kuno kuchigwa akuluakulu amadziwanso chibalo cha Apwitikizi chomwe chinathawitsa anthu ambiri ku Mozambique. Mukati "thangata ya mayunifomu", holo yonse yamva.

Ndipo Cassius akakwezedwa kukhala Power Caller, wogulitsa malonda wapamwamba pa RegalView, nenani mosabisa chomwe akugulitsa kumwambako: anthu a WorryFree omwewo ndi zida za nkhondo. Anzake ali panja pa sitalaka ndi Squeeze, mtsogoleri wa sitalakayo, iye alonda akumuperekeza kulowa. Apa musaponye nthabwala zanu, chithunzicho chikukwana.

Chizolowezi chija choti womasulira azinena zakutsogolo muchisiye. Anthu osanduka akavalo aja, amene Steve Lift, bwana wamkulu wa WorryFree, akuwapanga ndi ufa wofwenthera m'mphuno kuti azigwira ntchito mwamphamvu, amatulukira mochedwa, Cassius atasochera khomo pofuna chimbudzi. Mukaulula msanga, kudzidzimuka kuja kwatha. Pamene Lift akumulonjeza madola 100 miliyoni kuti akhale mtsogoleri wawo wabodza kwa zaka 5, werengani nambalayo pang'onopang'ono.

MakinaNgabu

Ndinaiwala ziwiri. Filimuyi ku America anaiika pa R: muli kutukwana, mankhwala ozunguza bongo, paphwando la Lift pali zogonana, ndipo akavalo aja ali mbulanda. Si ya masana ana akaweruka kusukulu. Ndi ya mphindi 112, ikwana pulogalamu yomaliza yausiku. Za chilolezo muyambe mwafunsa a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ndi a Censorship Board musanalembe pabolodi.

Chachiwiri, paphwando pomwepo azungu amamukakamiza Cassius kuimba rapu poganiza kuti wakuda aliyense amatha. Iye satha, ndiye amangobwereza liwu lija lonyoza anthu akuda, iwo n'kumavomera mokondwa. Liwulo musalimasulire ndipo musalibwereze, anyamata angalitole n'kumaitanirana pamsika. Ingonenani kuti akudzitukwana yekha kuti mabwana asangalale, kenako khalani chete kamera ili pankhope pake.

Wavidiyo_Nchalo

Zikomo nonse. Nanga Detroit, chibwenzi cha Cassius chija, nayenso ali ndi mawu a mzungu pachionetsero chake cha zojambula. Ndimupatse omwewo a Cassius?

Mayi_a_Tadala

Ayi. Ake ndi a Lily James, Chingelezi cha ku England, osati cha ku America, ndipo akuyankhula kwa anthu olemera ogula zojambula. Pezani mtsikana awerenge mizere imeneyo, mwaulemu wopitirira muyezo ngati wolandira alendo pahotela.