Kodi mawu oti "mfana" anachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani akuluakulu ena amadana nawo?

Nabanda_waKaunjika analemba:

Abale anga, ndithandizeni. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa khutu langa limangomva "mfana, mfana". Mnyamata wotinyamulira mabelo amamuitana mfana. Dalaivala wa minibasi akafuna kuti kondakitala atseke chitseko, ndi "mfana, tseka tidzipita". Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 akamanena za mng'ono wake, yemwenso ndi mtsikana, amati "mfana wanga". Anyamata amsinkhu umodzi akakumana ndiye amachita kulemekezana nawo, "afana, zikuyenda?"

Koma bambo anga aang'ono, omwe anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, safuna kuwamva pakhomo pawo. Tsiku lina mdzukulu wawo anawatchula pocheza ndi mnzake pakhonde, iwo n'kusiya mbamu ya nsima m'mbale, n'kunena kuti pakhomo pano pali anyamata, palibe mafana. Chifukwa chake sanafotokoze, ifenso tinaopa kufunsa.

Mnzanga wa benchi loyandikana nane akuti mawuwa anachokera ku "kufanana", eti mfana ndi munthu wofanana nawe. Ine sizikundilowa, chifukwa nthawi zambiri wonenedwayo amakhala wamng'ono kwa wonenayo. Ndikufuna ndidziwe ngati ndi mawu oti ndiwaletse ana anga kapena ayi.

Mdzukulu_waMtchona anayankha:

Achemwali, za "kufanana" zija zisiyeni, angomva mawu akumveka mofanana basi. Mfana ndi Chizulu, "umfana", kutanthauza mnyamata. Akakhala ambiri amati "abafana", n'chifukwa chake timu ya mpira ya South Africa imatchedwa Bafana Bafana.

Mmene anafikira kuno ndi nkhani ya ku migodi, ndipo bambo anu aang'onowo akuidziwa bwino kuposa tonsefe. Dzina loti Wenela, lomwe lero timangolidziwa ngati depoti ya mabasi mu Blantyre, linali la bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide, Witwatersrand Native Labour Association. Pambuyo pake linasintha dzina n'kukhala TEBA, ija makolo athu amati Theba. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Ankawanyamula pandege mpaka ku Francistown ku Botswana, kenako pasitima. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977, koma anthu ake anali ochepa, mpaka zinatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV.

Tsono pansi pa mgodi panali Mshangani, Msutu, Mxhosa, Mnyasa ndi mzungu, aliyense ndi chilankhulo chake. Ankamvana m'Chifanakalo, chilankhulo cha pantchito chomwe mawu ake ambiri ndi a Chizulu, ndipo munthu ankachiphunzira akangofika asanatsike pansi. Chinali chilankhulo cholamulira: bwera, nyamula, fulumira. Bambo wandevu zake, wosiya mkazi ndi ana anayi ku Dedza, ankaitanidwa "boy" kapena "mfana" ndi kamzungu kobadwa dzana. Ngakhale kapitawo wachikuda ankatchedwa "boss boy". Palibe amene ankakula pamaso pa bwana.

Agogo anga anabwerako ndi bokosi lachitsulo, jombo, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka anatisiya. Ndikukumbukira akakhala pampando wandalema madzulo, akusoka nsapato, amatha kutiitana ife adzukulu "mfana" mwachikondi ndithu. Koma munthu wina wamkulu akawatchula choncho, ngakhale mocheza pamowa, nkhope imasintha nthawi yomweyo. Ndiye ine sindikudabwa kuti bambo anuwo anasiya nsima. Kwa iwo mawuwa ali ndi fungo la kukomboni.

Anabwera limodzi ndi "madala", omwe ndi mawu a Chizulunso onena za munthu wachikulire. Onani mmene awiriwa amayendera limodzi mpaka lero: madala pamwamba, mfana pansi.

Ngozo_wakuLizulu anayankha:

Achimwene mwafotokoza bwino, koma mwayiwala ife. Chizulu sichinadikire Wenela kuti chifike m'dziko muno. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ndi anthu olankhula chilankhulo chapachibale ndi Chizulu, ndipo Angoni a kwa Maseko anabweranso paulendo wawo n'kudzakhazikika kuno ku Ntcheu ndi Dedza. Migodi ya golide ya ku Johannesburg inayamba mu 1886, patapita zaka 51. Inde, Chingoni chinazilala, ife timalankhula Chichewa ndipo a ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, koma mawu ena anatsala m'nyimbo za ngoma, m'maina ndi m'malonje. Pitani ku Umhlangano kuno kapena ku Umthetho ku Hora mukamve nokha.

Ndiye mawu oti mfana musawapereke onse kwa mabwana a kumigodi ngati kuti ndi chitonzo chokhachokha. Kwa makolo athu anali mawu wamba oitanira mwana wamwamuna wobusa ng'ombe. Amayi inu musawaletse anawo.

Chiko_Joburg anayankha:

Ine ndili konkuno, ndimagwira ntchito yomata matailosi ku Randburg. Ndingochenjeza amene mukukonza zokwera basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge: mawuwa kuno sanafewe ngati kwathu. Mzulu wamkulu mukamuitana "mfana" mwamunyoza, ndipo akuyankhani pomwepo kuti iye si mfana wanu. Amsinkhu umodzi amaitanana "mfethu" kapena "mfowethu", kutanthauza m'bale wathu, ndipo ndi amene munthu wachilendo ayenera kugwiritsa ntchito. "Mfana wami" ndi ya bambo kwa mwana wake, kapena anthu ozolowerana kwambiri.

Axhosa ndiye amasiyanitsanso. Kwa iwo mwana wamwamuna wosavinidwa ndi "inkwenkwe", pomwe "umfana" ndi mnyamata woti wakula, wadutsa kale kumwambo. Mawu amodzi omwewo, kwina akukuchepetsa, kwina akukukweza.

Chimene sindinamvepo kuno n'kutchula mtsikana kuti mfana. Chimenecho ndi chathu cha ku Malawi. Nditauza mnzanga wa ku KwaZulu-Natal kuti ndikutumiza ndalama ya fizi kwa mfana wanga, kenako n'kumuonetsa chithunzi cha mlongo wanga atavala yunifolomu, anandifunsa kawiri ngati ndatsegula chithunzi cholakwika.

Tadala_Ndix anayankha:

Masteni, ife a ku Ndirande za Wenela sitimaziganiza n'komwe tikamalankhula. Koma malamulo ake alipo ndithu, sitimangotchula chisawawa.

Ndikati "mfana wanga" ndiye kuti mng'ono wanga, kapena mnzanga wapamtima amene ndikhoza kumusiyira foni. Ndikati "afana" ndamupatsa ulemu, ndi mnzanga koma sindikumuderera. "Mafana" ndi gulu, monga mafana a pasiteji kapena mafana a kabaza. "Kamfana" ndiye mwayamba ndewu, pokhapokha ngati ndi mwana weniweni. Ndipo "mfana uja ndi dolo" ndi kuyamikira kwenikweni, kaya ndi pa mpira, kaya pa sukulu, kaya pokonza mafoni.

Wamkulu kwa iwe sungamuyitane mfana, zimenezo aliyense amadziwa. Amene uja ndi biggie, kapena madala. Chomwe chimandiwawa ine ndi mabwana ena amene amakulemba ganyu, mwezi wonse osafunsa dzina lako, kumangoti "mfana, tatenga ichi". Pamenepo ndiye ndikumvetsa zimene agogo ajawa ankamva.

Mdzukulu_waMtchona anayankhanso:

A Ngozo, za 1835 sindikutsutsa, ndipo n'zotheka kuti m'midzi ya Angoni mawuwa analipo kalekale. Koma taganizani izi. Akanakhala kuti anafalikira kuchokera kwa Angoni, bwenzi ali mawu a kumudzi, a agogo aakazi, a pabwalo la milandu. M'malo mwake ndi mawu a m'tauni, a pasiteji, a pamalo omwera, kumene amuna obwera ku Theba ankafikira ndi ndalama zawo n'kumatchena, anyamata n'kumawasirira ndi kutengera kalankhulidwe kawo. Ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay kulibe mafumu a Chingoni, koma matchona analiko ambiri, ndipo mfana amamveka konseko. "Jaha" ndi mawu a Chingoni onena za mnyamata, ku Mzimba mpaka lero amati majaha, koma simudzamva kondakitala wa ku Bangwe akuitana mnzake jaha. Bwanji jaha anatsala kwawo pomwe mfana anazungulira dziko lonse?

Osayiwalanso kuti si onse anapita ku Joni. Ambiri anatchona ku Zimbabwe, ku Salisbury (lero ndi Harare), ku Bulawayo ndi ku Wankie (lero ndi Hwange), kumene Chindebele nachonso chimati "umfana", ndipo m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko munali Chilapalapa, m'bale wake wa Chifanakalo. Njira zinali zingapo, koma zambiri zinadzera pachikwama cha munthu wokafuna ntchito kunja.

A ku Mzimba ndi a ku Ntcheu amene muli ndi agogo aakazi oti sanakhaleko m'tauni, tawafunsani amati chiyani poitana mwana wobusa ng'ombe, mudzatiuze pano.