Laputopu sikuona Wi-Fi malaiti akabwera, koma mafoni ali bwinobwino

Mai Tembo, Kamwala:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Pa shopu ya fotokope pali router ya 4G yotulutsa 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi. Mafoni amalumikiza popanda vuto. Koma laputopu yakale yochokera ku America, yomwe ili mamita 4 okha kuchokera pa router, masiku ena siiona n'komwe netiweki yathu, chonsecho za maneba zikuoneka. Printa nayo imasowa nthawi yomweyo. Zimachitika kawirikawiri malaiti akapita n'kubweranso. Tsiku loti yaiona, intaneti imachita kukwawa. Ndigule booster?

Lackson, Matero:
Amai, booster musagule. Pa mamita 4 signal siingachepe, ndipo booster imangobwereza channel (kanjira ka mafunde komwe router imaulutsira Wi-Fi) yomweyo imene laputopu ikukana.

Bambo Zulu, Chilenje:
A Lackson anena zoona. Apa pali mavuto awiri osiyana, kusaona netiweki ndi kuchedwa, koma onse achokera pa channel.

Pa 2.4 GHz pali channel 1 mpaka 13. Zipangizo zopangidwira msika wa ku America zambiri zimathera pa 11, channel 12 ndi 13 sizizifufuza n'komwe. Router zogulitsidwa kuno zimatsegula mpaka 13. Tsono yanuyo ili pa Auto, kutanthauza kuti ikazima n'kuyakanso imasankha channel yatsopano. Ikagwera pa 6 laputopu imaiona, ikagwera pa 13 laputopu ndi printa zimakhala ngati zagontha. Mafoni sakuvutika chifukwa amafika pa 13 kapena athawira ku 5 GHz. N'chifukwa chake vutoli limatsatira malaiti.

Dikirani tsiku loti yasowa. Lowani mu router ndi foni, adiresi yalembedwa pa sitika ya pansi pake, kawirikawiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Pa Wi-Fi settings, mbali ya 2.4 GHz, onani nambala ya channel. Mukapeza 12 kapena 13, wolakwa wapezeka. Chotsani Auto muike 1, 6 kapena 11, kenako Save.

Mai Tembo:
Zikomo a Zulu. Nanga bwanji 1, 6 ndi 11 zokha? Ndikaika 3 kapena 9 poti palibe munthu?

Bambo Zulu:
Pamaoneka ngati palibe munthu, koma ndiye poipitsitsa. Channel zimatalikirana ndi 5 MHz basi: 1 ili pa 2412 MHz, 6 pa 2437, 11 pa 2462. Koma signal iliyonse imatenga malo pafupifupi 20 MHz. Mukakhala pa 3 mumalowerera a pa 1 ndi a pa 6 nthawi imodzi. Router ziwiri za pa channel imodzi zimamvana n'kumapatsana mpata, pamene zolowererana zimangosokosera, uthenga umaonongeka n'kumatumizidwanso kambirimbiri. Kukwawa mukunenako ndi kumeneko. Pa Kamwala pomwe mashopu ndi othithikana chonchi, ikani pa foni ya Android app yoonetsa ma channel, ilipo yambiri yaulere, muone kuti mwa zitatuzi iti ili ndi maneba ofooka. Musawerenge kuchuluka kwa mayina, yang'anani mphamvu ya signal, yomwe app imaonetsa mu dBm. Neba wa -80 dBm sakusokonezani kwenikweni, wa -50 dBm ndiye womuthawa.

Pomwepo sinthani Channel Width ichoke pa 40 MHz kapena 20/40, ikhale 20 MHz. 40 pa 2.4 GHz imadya theka la malo onse, pamalo odzaza phindu lake palibe.

Mai Daka, Kabwata:
Ndionjezepo za 5 GHz, poti msampha womwewo ulikonso. Ikani 36, 40, 44 kapena 48, izi pafupifupi chipangizo chilichonse cha 5 GHz chimaziona. Kuyambira 52 mpaka 64 ndi 100 mpaka 140 ndi za DFS, zogawana ndi radar. Router imayamba yamvetsera kwa masekondi 60 kapena kuposerapo isanayatse netiweki, ndipo ikamva radar imasamuka yokha, onse olumikizidwa n'kuduka. Zipangizo zina zotchipa sizizionanso.

Zimitsaninso Smart Connect, yomwe imaphatikiza 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi, mupatse mabandi awiriwa mayina osiyana, mwachitsanzo Shopu ndi Shopu5. Printa zambiri zimadziwa 2.4 GHz yokha, ndipo dzina limodzi limazisokoneza pozilumikiza. Security ikhale WPA2-PSK ndi AES. WPA3 makadi akale a Wi-Fi a m'malaputopu saidziwa.

Lackson:
Pa laputopuyo tsegulani Command Prompt mulembe netsh wlan show drivers. Tiuzeni zomwe zili pa mzere wa Radio types supported. Ikalumikiza, netsh wlan show interfaces ikuonetsani channel ndi signal.

Mai Tembo:
Channel inali pa 13. Ndaika 11 ndi 20 MHz, laputopu ndi printa zonse zalumikiza. Pa mzere uja palembedwa 802.11b 802.11g 802.11n. Koma Shopu5 siikuoneka pa laputopu.

Lackson:
Siidzaoneka, Amai. Pamzerepo palibe 802.11a kapena 802.11ac, ndiye kadiyo ndi ya 2.4 GHz yokha, ngakhale musinthe driver. Mafoni onse asamutsireni ku Shopu5 kuti 2.4 itsalire laputopu ndi printa, liwiro likwera ndithu. Ngati mukufunabe 5 GHz pa laputopu, gulani adapter ya USB yolembedwa dual band kapena AC600. Koma poti ndi mamita 4, chingwe cha netiweki cha Cat5e kuchokera pa doko la LAN la router chingakutchipireni ndipo sichisamala za maneba.

Mai Daka:
Chomaliza, zimitsani router pa soketi muyatsenso, mulowemo muone ngati 11 idakalipo. Router zina zimabwerera pa Auto ngati simunadine Apply pambuyo pa Save.