Mbaula ya nkhuni ikufuka utsi ndipo yang'aluka: ndiikonze kapena ndimange ya njerwa?

Mayi wa ku Machinjiri

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuphikira nkhuni kwa nthawi yaitali, makamaka amene munamangitsa mbaula ya njerwa m'khitchini. Kunyumba kwathu tinasiya mafuwa n'kugula mbaula ya dothi ija ya Chitetezo, chifukwa makala akwera mtengo kwambiri ndipo zakudya zochedwa kupsa monga nyemba ndi chingowe sitingaziphikire pa magetsi. Poyamba inkatithandiza ndithu, moti mtolo wa nkhuni umene unkatha msanga pa mafuwa unayamba kukhalitsa. Koma chiyambireni chiperoni cha chaka chino moto ukuvuta kuyaka, utsi ukudzaza khitchini mpaka wophika kutuluka misozi, ndipo mapoto akuda bii ndi mwaye wonata umene sukuchoka ngakhale titakwecha ndi mchenga. Kuwonjezera apo, mbaulayo yachita mng'alu kuchokera pakhomo lolowetsera nkhuni kukafika m'mphepete mwa pamwamba.

Khitchini yathu ndi yapanja, ya njerwa, yofolera malata, ndipo ili ndi chitseko chimodzi ndi kawindo kakang'ono. Nkhuni timagula kwa anyamata oyenda nazo pa njinga, kawirikawiri za bulugamu, ndipo timaziunjika pansi kuseri kwa khitchiniyo. Bambo akunyumba akuti tingoitaya mbaulayi n'kumanga ya njerwa ya mapoto awiri yokhala ndi chumuni, koma ine sindikufuna kuti tiboole malata ndi kulipira mmisiri kenako n'kupeza kuti utsi udakalipo. Kodi mng'alu wotere umakonzeka? Nanga chumuni chimathetsadi utsi, ndipo chimasamalidwa motani?

Mayi wa ku Chilomoni

Achemwali, ine ndimakazinga zitumbuwa ndi mandasi ogulitsa pa mbaula ya mtundu womwewo m'mawa uliwonse, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozeramu, vuto lanu lalikulu lili kuseri kwa khitchini kumene mwaunjika nkhuniko. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo bulugamu amene amabwera pa njinga nthawi zambiri amakhala atadulidwa sabata yomweyo, chifukwa wogulitsa sangadikire miyezi kuti aume pamene kunyumba kwake kukufunika ufa. Nkhuni yotere mukaiika pamoto, motowo umayamba ndi ntchito yowiritsa madzi a m'nkhunimo, n'chifukwa chake mumamva ikulira kuti tswii ndi kuona thovu likutuluka kumbuyo kwake. Moto umene watanganidwa ndi kuumitsa nkhuni sutentha mokwanira kuti uotche utsi wake, ndiye utsiwo umakamatira kunsi kwa poto n'kukhala mwaye wonata umene mukuunenawo. Tsono onjezerani mvula yamawawa ya chiperoni pa nkhuni zimene zili pansi panja, ndiye kuti ngakhale zija zinayamba kuuma zabwerera m'mbuyo.

Pogula muzitenga nkhuni ziwiri n'kuzigundanitsa. Zouma zimalira mokweza ndi momveka bwino, pamene zaziwisi zimangoti phu. Youma imapepuka m'manja, imakhala ndi timing'alu kumapeto kumene inadulidwa, ndipo khungwa lake limasupuka lokha. Ngati zopezeka ndi zaziwisi zokha, gulani ndithu koma musaphikire tsiku lomwelo. Ziwazeni ndi nkhwangwa zikhale zazing'ono ngati dzanja la mwana, chifukwa chipika chosawaza chimasunga madzi miyezi yambiri, kenako muzisanje pamwamba pa njerwa kapena mitengo iwiri yogoneka kuti zisakhudze dothi, pansi pa khonde pamene pamadutsa mphepo. Musazikute ndi pepala la pulasitiki mbali zonse, phimbani pamwamba pokha. Ine nkhuni za nyengo ya dzinja ndimazisonkhanitsa kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndipo zophikira mawa ndimazigoneka madzulo pafupi ndi mbaula ikadali yofunda, osati pamwamba pake.

Chinanso ndi kasonkhedwe. Ambiri tinazolowera mafuwa kumene timalonga zikuni mbali zitatu, ndiye timafuna kuchita chimodzimodzi pa Chitetezo mpaka khomo lonse kutsekeka. Mbaulayi imafuna nkhuni ziwiri kapena zitatu zokha, zoyakira kunsonga, ndipo muzizikankhira mkati pang'onopang'ono pamene zikunyeka, n'kusiya mpata woti mpweya uzilowa. Phulusa la dzulo muzilichotsa musanakoleze moto. Zitsononkho ndi mitengo youma ya nandolo zimakoleza bwino kuposa mapepala a pulasitiki, amene fungo lake limalowa ndi m'ndiwo momwe.

Za mng'aluwo musade nkhawa kwambiri ngati mbaula sikugwedera mukamathyakula nsima. Imangeni ndi waya mozungulira, kumtunda ndi kumunsi kwa khomo, kenako mateni mng'aluwo ndi dothi la mtapo losakaniza ndi mchenga wosefa pang'ono, muisiye iume pamthunzi musanaiikenso pamoto. Chimene chimaswa mbaula zimenezi kawirikawiri ndi kuthira madzi pozimitsa moto mbaula ili yotentha, kuisiya panja pamvula, ndi kuwazira nkhuni pafupi nayo kapena kuzikankha mwamphamvu mpaka kugunda khoma lakumbuyo. Mukamaliza kuphika, ingosololani zikunizo n'kuzizimitsira mumchenga.

Mmisiri wa ku Bangwe

Mayi, ndikugwirizana ndi zonse zimene anena amayi a ku Chilomoni pa nkhani ya nkhuni, ndipo ndikuwonjezera kuti chumuni sichiumitsa nkhuni. Mukamanga mbaula ya chumuni n'kumapitiriza kuikamo bulugamu wamuwisi, utsi uja udzangosamuka m'maso mwanu n'kukaunjikana m'paipi, kumene umasanduka phula lakuda lolimba. Phula limeneli limachepetsa njira ya utsi mpaka utsiwo kuyamba kubwerera m'khitchini, ndipo likachuluka limatha kugwira moto m'kati mwa chumuni momwemo, paipi n'kufiira pafupi ndi mitengo ya denga. Choncho yambani mwakonza za nkhunizo kwa milungu ingapo, muone ngati utsi sukuchepa, musanaitane mmisiri aliyense, ngakhale ineyo.

Komabe bambo akunyumba sakulakwa, chifukwa banja lophika nsima ndi ndiwo nthawi imodzi limapindula ndi mbaula ya mapoto awiri. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi mbaula yopanda chumuni, yonga ija ya Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay, yomangidwa ndi zidina ndi matope basi. Imeneyi siifuna ndalama zambiri ndipo imachepetsa nkhuni, koma utsi umene ulipo umatsalabe m'khitchini, ndiye pamafunika mawindo okwanira. Yachiwiri ndi ya chumuni, imene imatulutsa utsi kunja koma imafuna kumangidwa mwaluso ndi kusesedwa.

Mukasankha ya chumuni, yang'anirani zinthu izi mmisiri akamamanga. Chipinda cha moto chisakule. Ine khomo lake ndimalisiya pa masentimita 12 mpaka 15 m'mbali ndi m'mwamba momwe, chifukwa chipinda chachikulu chimadya nkhuni potenthetsa njerwa m'malo motenthetsa poto. Mabowo a mapoto aumbidwe poyeza mapoto anu enieni amene mumaphikira tsiku ndi tsiku, poto azilowa m'bowo mpaka cha pakati, ndipo m'mphepete mwake mukhale mothina kuti utsi usatulukiremo. M'kati, pakati pa poto ndi khoma la mbaula, pakhale mpata wa chala chimodzi woti malawi azinyambita poto asanapitirire ku bowo lachiwiri. Njira yochokera pa poto woyamba kupita pa wachiwiri ndi kukafika ku chumuni izikwera pang'ono, isatsike, popeza utsi wotentha umafuna kupita kumwamba. Chumuni chenicheni chikhale chowongoka, chipitirire pamwamba penipeni pa denga ndi theka la mita kapena kuposerapo, chikhale ndi kachipewa koteteza mvula, ndipo chisakhudze mtengo uliwonse wa denga. Kwa inu a ku Machinjiri ndi ife a kuno ku Bangwe, kumene nyumba zambiri zili m'mbali mwa mapiri, mphepo imatha kutsika kuchokera kumtunda n'kukankhira utsi m'paipi, ndipo chumuni chachifupi ndicho chimavutika kwambiri. Ngati mukuopa kuboola malata, paipi ikhoza kutulukira pakhoma n'kukwera kunja, koma dziwani kuti pokhota paliponse ndi pamene mwaye umasonkhana, ndiye pamenepo pakhale kachitseko kotsegula posesa.

Kusesa kwake sikovuta. Mbaula itazizira, mangani chiguduli kapena kasaka kunsonga kwa nsungwi yaitali, muchilowetse kuchokera pamwamba n'kukweza ndi kutsitsa kangapo, kenako muchotse mwaye wogwera pansi ndi wa m'njira ya pakati pa mapoto. Pakhomo pophika katatu patsiku, ndi bwino kuyang'anamo mwezi uliwonse. Mukaona moto ukuyaka mwaulesi kapena utsi ukutulukira pakhomo la nkhuni pamene nkhuni zili zouma, musadikire kuti mwezi ukwane.

Bambo wa ku Zingwangwa

Ine ndisiyana pang'ono ndi amisiri pa mfundo yodikira. Nkhuni zouma zimachepetsa utsi wooneka, koma khitchini ya chitseko chimodzi ndi kawindo kamodzi ndi yoopsa ngakhale moto ukuyaka bwino, ndipo izi sizifunika kudikira milungu. Moto wa nkhuni ndi wa makala umatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo zizindikiro zake zoyamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka, zimene wophika amangoziyesa kutopa. Nyengo yozizira ino ndi imene anthu amatseka chitseko pophika kapena kulowetsa mbaula ya makala a moto m'chipinda chogona kuti aothe, ndipo ena sadzuka. Utsi wa tsiku ndi tsiku nawonso umawonjezera chiopsezo cha chibayo kwa ana aang'ono ndi matenda a m'mapapo kwa amayi, makamaka pamene mwana ali kumsana mayi atawerama pamoto. Choncho, Mayi, chotsani njerwa zingapo m'mizere yapamwamba ya makoma awiri oyang'anizana, pansi penipeni pa denga, kuti utsi uzipeza potulukira, ndipo chitseko chizikhala chotsegula nthawi yonse imene moto uli mkati. Masiku opanda mvula, ubwino wa Chitetezo ndi woti imanyamulika, ndiye phikirani pakhonde.

Ndichenjezenso za nkhuni zotola m'tauni muno. Zidutswa za mapolo othiridwa mankhwala oteteza chiswe, matabwa opaka penti, ndi matabwa omata ndi guluu ochokera kwa akalipentala si zophikira, chifukwa mankhwalawo amapita mu utsi ndi m'phulusa. Mitengo ya m'mapiri athuwa nayonso tiisiye. Ndirande ndi Soche anatsala mbee, ndipo tonse tikukumbukira matope amene anatsika m'phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Bulugamu wodzala, nthambi zosadza za mango ndi keshya wa m'malire a nyumba ndi zokwanira pa mbaula yofuna nkhuni zing'onozing'ono ngati yanuyi.

Mayi wa ku Machinjiri

Zikomo kwambiri nonse. Ndagundanitsa nkhuni zathu monga ananenera amayi a ku Chilomoni ndipo zikungoti phu, ndiye tayamba kuziwaza ndi kuzisanja pakhonde, ndipo za mabowo a m'khoma tagwirizana kuti zichitike Loweruka. Ndifunse amisiri zinthu ziwiri. Tikadzamanga ya njerwayo, kodi si bwino kuimanga ndi simenti kuti ilimbe kusiyana ndi matope? Ndipo phulusa lake tingamathire m'dimba la ndiwo zamasamba monga tinkachitira ndi la pa mafuwa?

Mmisiri wa ku Bangwe

Mayi, simenti wamba sagwirizana ndi moto. Akatenthedwa kwambiri n'kuzizira tsiku ndi tsiku amang'aluka n'kuyamba kugumuka, ndipo kumukonza kwake kumafuna ndalama ina. M'chipinda cha moto ndi m'mabowo a mapoto gwiritsani ntchito njerwa zootcha bwino, zomangidwa ndi dothi la pachulu kapena la mtapo losakaniza ndi mchenga. Dothi lokhalokha limang'aluka pouma, pamene mchenga ukachuluka silimata, ndiye yesani kaye poumba timibulu tingapo ta muyeso wosiyanasiyana, mutiyanike pamthunzi, n'kutsatira muyeso wa kambulu kamene kauma kosang'aluka komanso kosanyenyeka mukakafinya. Simenti akhoza kukhala pa maziko ndi kunja kumene sikufika moto. Ngati mwasiya mpata pakati pa chipinda cha moto ndi khoma lakunja, dzazanimo phulusa louma, chifukwa limasunga kutentha m'kati. Mbaula ikatha kumangidwa isiyeni iume yokha kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo m'nyengo ya chiperoni muwonjezere masiku, kenako muyambe ndi timoto ting'onoting'ono kwa masiku angapo musanaterekepo nyemba. Timing'alu tating'ono tidzaonekabe, ndipo mankhwala ake ndi kuzira ndi dothi lomwelo mbaula itazizira, monga momwe mumazirira pakhonde.

Phulusa la nkhuni zabwino mukhoza kuthira m'dimba, koma mowaza pang'onopang'ono, osaunjika patsinde pa mbewu, ndipo musalisakanize ndi feteleza wa urea chifukwa limamuthawitsa mphamvu. Lina muzithira m'chimbudzi chokumba kuti lichepetse fungo ndi ntchentche. La matabwa a mankhwala amene anena bambo a ku Zingwangwa lisapite m'dimba ndipo lisachezedwe chidulo. Powola phulusa m'mbaula, liikeni kaye m'chitini chachitsulo kufikira tsiku lotsatira, chifukwa makala a moto amabisala m'phulusa usiku wonse, ndipo akathiridwa m'dzala la zinyalala zouma kapena pafupi ndi mpanda waudzu amatha kuyatsa moto.