Phosphate akusowa m'machubu tisanayeze n'komwe

Wofunsa: Akuluakulu, tithandizane. Tikuyeza phosphate m'madzi a m'matope a pansi pa nyanja. Matope ndi a ku Bothnian Sea, mbali ya nyanja ya Baltic pakati pa Sweden ndi Finland. Timadula core (matope otengedwa ndi paipi pansi pa nyanja) pabenchi, kupota pa centrifuge (makina olekanitsa madzi ndi matope), kusefa madzi otulukawo pa fyuluta ya 0.45 µm, n'kuwaika mufiriji. Kukacha, machubu a m'munsi mwa core akumakhala ndi tinsenga tachikasu pansi, ndipo phosphate akutsika mosagwirizana ndi magawo oyandikana nawo. Kodi molybdate wathu, amene timayezera phosphate, wawonongeka?

Wa ku labu ya matope: Molybdate alibe mlandu, achimwene. Tinsengato ndi dzimbiri. Kumeneko mchere ndi wochepa, cha m'ma 5 mpaka 6, choncho sulfate amatha msanga. Pansi pa malo amene sulfate amakumana ndi methane mulibe sulfide wokwanira kumanga ayironi, ndiye ayironiyo (Fe2+) amangosungunuka m'madzi. Mpweya ukangolowa, amasanduka Fe(III), dzimbiri lija, n'kugwa, ndipo pogwa amatenga phosphate. Dulirani m'thumba la nayitrojeni, kapena boolani paipi ya core pasadakhale, mateni ndi tepi, muzilowetsa ma Rhizon (timachubu toyamwa madzi m'matope) pomwepo. Madzi akangotuluka thirani asidi wa HCl wamphamvu, 10 µL pa mL iliyonse, pH itsike pansi pa 2.

Wofunsa: Nanga amene achita kale dzimbiri titaye?

Wa ku labu ya matope: Ayi. Thirani asidi m'chubu momwemo, mudikire mpaka tinsenga tonse tisungunuke. Chachikulu musasefenso, mungataye phosphate pa fyuluta.

Woyeza: Ndiwonjezereko, bambo. Mukathira asidi, ma standard anunso (madzi oyerekezera, a phosphate wodziwika mlingo) akhale ndi asidi wofanana. Mtundu wa buluu wa njira yoyezera phosphate ya Murphy ndi Riley umadalira mlingo wa asidi ndi molybdate, asidi akachuluka sutuluka bwino, ndipo poyeza mtunduwo pa kuwala kwa 880 nm mudzawerenga zochepa. Magawo onunkha ngati dzira lowola ali ndi sulfide, amene amasokonezanso mtunduwo. Amenewo, asidi atalowa, puzirani nayitrojeni mpaka fungo lithe. Koma yambani mwapatula gawo lina mu zinc acetate kuti mudzayeze sulfide ndi njira ya Cline, chifukwa akauluka wapita.

Mayi wa SEDEX (njira yochotsa phosphorus m'matope gawo ndi gawo): Musaiwale matope otsala muchubu. Akauma pamtetete, FeS (ayironi womangika ndi sulfide) imasanduka oxide watsopano wa ayironi amene amakoka phosphorus kuchokera kwina, ndipo gawo la CDB (mankhwala osungunula oxide wa ayironi mu SEDEX) limatuluka lonenepa mwabodza. Asungeni ozizira, m'botolo lopanda okosijeni. Chinanso, CDB imasungunulanso vivianite, mwala wa ayironi ndi phosphate, amene ku Bothnian Sea amapezeka ndithu pansi pa malo a methane aja. Ndiye musafulumire kulemba kuti phosphorus yense wa gawolo ali pa oxide. Sefani matope pang'ono ndi madzi, muyang'ane pa maikulosikopu: timibulu take timayamba toyera, tikakhudzana ndi mpweya timasanduka tabuluu. Mukatiwona tumizani ku XRD, makina ozindikira miyala ndi ma X-ray.

Wofunsa: Zikomo mayi. Core yotsatira tiyesa Rhizon ndi centrifuge pambali m'magawo omwewo, ayironi tiyeza ndi mankhwala a ferrozine pa 562 nm, ndidzaika manambala muno.